Miyazawa Kenji: mwana wa wokongoza ndalama amene anasanduka mlangizi wa alimi

Ambiri a ife dziko la Japan timalidziwira pamseu. Minibasi imene timakwera popita ku tauni ndi Canter imene imanyamula cimanga cathu nthawi yokolola, zonse zinacokera kumeneko. Koma dziko lija lilinso ndi alembi a mabuku, ndipo mabuku awo ambiri anamasuliridwa m'Cizungu. Awiri mwa alembiwo analandira mphoto ya Nobel: a Kawabata Yasunari mu 1968 ndi a Oe Kenzaburo mu 1994. Munthu akafunsa kuti ayambire pati kuwerenga, ophunzira amakonda kumulozera kwa amenewa, kapena kwa a Natsume Soseki amene anamwalira mu 1916. Sakulakwa. Koma kwa munthu wodziwa kulemera kwa khasu ndi kuwawa kwa ngongole ya fataleza pali khomo lina lapafupi. Ndi la Miyazawa Kenji, mphunzitsi wa zaulimi amene anamwalira ali ndi zaka 37 cabe, mabuku ake atasowa ogula.

Ku Japan dzina la banja ndilo limayamba, motero Miyazawa ndi la banja, Kenji ndi lake. Anthu akwawo mpaka lero amangomuchula kuti Kenji, monga mwana wa pakhomo, ndipo ifenso titero.

Anabadwa pa 27 August 1896 m'tauni ya Hanamaki, m'cigawo ca Iwate, pafupifupi makilomita 500 kumpoto kwa Tokyo. Cinali caka coipa. Mu June mafunde a tsunami anali atakokolola midzi ya m'mbali mwa nyanja n'kupha anthu pafupifupi 22,000, ndipo khandalo lili ndi masiku 4 kunacitanso civomezi. Koma cimene alimi a ku Iwate anali kuopa caka ndi caka inali mphepo. Kumeneko cakudya ndi mpunga, ndipo mpunga umafuna kutentha pamene ukutulutsa ngala. Zaka zina, m'miyezi imene kuyenera kutentha, kumaomba mphepo yozizira yocokera ku nyanja ya Pacific, imene amaicha yamase. Imabwera ndi nkhungu, dzuwa osaoneka masiku ambiri. Mpunga umakula, ngala n'kutuluka, koma ukafikisa m'manja umapeza mankhusu okhaokha. Zinatero mu 1902, mu 1905 ndi mu 1913, Kenji akukula.

Iye sanagonepo ndi njala. Atate ake, a Masajiro, anali ndi sitolo yokongoza ndalama pa cikole ndi yogulitsa zovala zakale, salaula ya masiku amenewo. Munda ukakana, mlimi anali kubwera ndi covala ca mkazi wake kapena cofunda ca ana, kucisiya pa cikole n'kutenga tindalama. Akalephera kuombola, covalaco cinali kugulitsidwa. Alimi ambiri minda sinali yawo. Anali kubwereka kwa eni malo ndi kulipira pafupifupi theka la zokolola. Motero caka ca njala kumidzi cinali caka ca malonda m'nyumba ya a Miyazawa. Kenji anali mwana woyamba, woyenera kudzalowa m'malo mwa atate ake pa sitoloyo, ndipo zonsezi anali kuziona ndi maso ake.

Tisawaweruze msanga atatewo. Anali munthu wopemphera kwambiri m'mpingo wa Cibuda wa Jodo Shinshu, ndipo ndiwo analipirira mwana wawo sukulu, mankhwala ndi zambiri zimene anacita pambuyo pake. Ndalama zimene Kenji anali kucita nazo manyazi ndi zomwezo zimene zinamusunga mpaka tsiku la imfa. Anali kudziwa zimenezi, ndipo zinali kumudya mumtima.

Ali wamng'ono anali wokonda kutola miyala kotero kuti apabanja anali kumuseka nazo. Atatsiriza sekondale ku Morioka mu 1914, atate ake anafuna kuti akhale pa sitolo, koma ataona kuti mnyamatayo akungofota anamulola kupitiriza maphunziro. Mu 1915 analowa koleji ya zaulimi ndi zankhalango ya ku Morioka, atapambana anzake onse pa mayeso olowera. Anaphunzira za nthaka ndi fataleza kwa Pulofesa Seki Toyotaro, ndipo atatsiriza mu 1918 anayenda wapansi m'mapiri ndi m'madambo a boma la kwawo la Hienuki kupima nthaka. Iwate ndi dziko la mapiri ophulika moto, ndipo nthaka yake yambiri ndi phulusa lakale la mapiriwo. Ndi yakuda, yooneka ngati yaconde, koma ili ndi asidi wambiri ndipo imamanga phosphate kuti mizu isamupeze.

M'zaka zomwezo anawerenga buku lopatulika la Cibuda lochedwa Lotus Sutra, ndipo linamugwira mtima. Anasiya mpingo wa makolo ake n'kutsata ciphunzitso ca Nichiren, analeka kudya nyama kwa zaka zingapo, ndipo mu 1920 analowa gulu la Kokuchukai. M'nyumba munabuka mkangano wosatha, mwana kufuna kutembenuza atate ake. Mu January 1921 anacoka osatsazika, nakwera sitima kupita ku Tokyo. Tinene poyera kuti gulu limene analowali silinali la mapemphero okha. Linali kuphunzitsanso kuti Japan ndiye woyenera kutsogolera maiko onse, ndipo mmodzi wa mamembala ake, msilikali Ishiwara Kanji, ndiye anakonza zolanda Manchuria mu 1931. M'nthano za Kenji mzimu umenewo suoneka, komabe m'gululo sanatulukemo mpaka imfa.

Ku Tokyo anapeza ganyu pa kasitolo kosindikiza mapepala. Mkulu wina wa gululo anamulangiza kuti afalitse cikhulupiriro cake mwa kulemba, ndipo analembadi ngati munthu wothamangitsidwa. Caka cisanathe analandira uthenga wakuti mlongo wake Toshi wadwala, nabwerera ku Hanamaki ndi sutukesi yaikulu yodzala mapepala a nthano. Toshi, wamng'ono kwa iye ndi zaka 2, anaphunzira pa yunivesite ya akazi ku Tokyo n'kudzakhala mphunzitsi pa sukulu ya atsikana, ndipo ndiye anali kumumvetsa koposa onse m'banjamo. Anamwalira ndi TB pa 27 November 1922 ali ndi zaka 24. Ndakatulo zimene Kenji analemba za tsiku limenelo ana a sukulu ku Japan amaziwerengabe. Caka cotsatira anayenda ulendo wautali mpaka ku cilumba ca Sakhalin, akuti kukafunira nchito ana ake a sukulu, koma ndakatulo za ulendowo ndi za munthu wofunafuna kumene mlongo wake anapita. Kenji sanakwatire.

Kuyambira December 1921 anali kuphunzitsa pa sukulu ya zaulimi ya Hienuki, imene mu 1923 inasintha dzina kukhala ya Hanamaki. Anali kutulutsa ana m'kalasi kupita nawo ku mtsinje wa Kitakami kukafukula miyala, ndi kuwalembera masewero oti acite. Mu 1924 anatulutsa mabuku 2, ndipo ndi okhawo amene anawaona ali moyo: la ndakatulo lochedwa Spring and Asura mu April, ndi la nthano 9 lochedwa The Restaurant of Many Orders mu December. Lililonse anasindikiza makope 1,000. Ogula anasowa, moti la nthanolo anagulako yekha makope 200.

Nthano imene inapatsa bukulo dzina ndiyo yabwino kuyambira. Abwana awiri a ku Tokyo, ovala ngati asilikali a ku England, apita kukasaka m'phiri pofuna kusangalala cabe. Agalu awo atagwa, iwo akudandaula ndalama zimene ataya. Njala itawapweteka, akupeza lesitilanti yokongola pakati pa thengo. Pa citseko ciliconse palembedwa lamulo: apese tsitsi, asiye mfuti, acotse zacitsulo, adzole kirimu. Iwo akukondwa, poganiza kuti malo a anthu apamwamba ndi mmene amakhalira. Pofika pa lamulo lodzipaka mcere m'pamene akuzindikira kuti ndiwo za tsikulo ndi iwowo. Mwana amaseka akamva nthanoyi. Wamkulu amene anaonapo anthu a m'tauni akubwera kumudzi ndi matama amasekanso, koma kuseka kwake n'kwina.

Mu March 1926 anasiya nchito ya uphunzitsi. Cinali kumuvuta kuuza ana kuti abwerere kumidzi akalime pamene iye akudya malipiro a pamwezi. Anasamukira m'nyumba ina ya banja lawo ku Shimoneko, pamtunda woyang'ana mtsinje wa Kitakami, nathyola munda, n'kumadziphikira yekha zakudya za aumphawi. Anayambitsa gulu lochedwa Rasu Chijin Kyokai. Anyamata a m'midzi anali kubwera kudzaphunzira za nthaka, za mmene mbewu imadyera, ngakhale cinenero ca Esperanto. Anali kumvera limodzi nyimbo pa galamafoni, iye n'kumayesa kuliza cello, coimbira ca zingwe cokhala ngati gitala yaikulu yokwecesa ndi uta. Anali kukhulupirira kuti nchito ya kumunda iyenera kukhala ndi nyimbo ndi kukongola kwake. Pakhomo panali bolodi, polembedwa ndi coko kuti mwini nyumba ali kumunda wakumunsi.

Nchito yaikulu inali ya fataleza. Anatsegula malo olangizira kwaulere m'tauni ndi m'midzi yozungulira. Mlimi anali kufotokoza munda wake: nthaka yake, madzi ake, mbewu imene amabzala, zimene anathira caka catha ndi zimene anakolola. Kenji anali kuwerengetsa n'kumulembera pepala la munda umenewo wokha: manyowa mwakuti, zotsalira za soya mwakuti, ammonium sulphate, superphosphate ndi laimu mwakuti. Pofika pakati pa 1927 mapepala otere anali atakwana pafupifupi 2,000. Sinali nchito yongouza anthu kuti athire zambiri. Nitrogen ikaculuka mpunga umatalika n'kufewa, mphepo ikaomba umagwa, ndipo matenda amaugwira msanga, makamaka caka cozizira. Mlangizi akalakwitsa muyeso, banja lonse limagona ndi njala cifukwa ca pepala lake. N'cifukwa cake mvula ya mkuntho ikagwa iye sanali kukhala m'nyumba. Anali kuzungulira minda kuona ngati mpunga waima. Anali kulimbikitsanso mbewu yatsopano ya Rikuu 132, yopirira kuzizira, imene akatswiri a boma anatulutsa mu 1921. Mbewu imeneyi ndiye gogo wa Koshihikari, mpunga umene umalimidwa koposa wina uliwonse ku Japan.

Kodi alimi anamulandira? Ena inde, makamaka ana ake a sukulu akale. Koma ambiri anali kumuona ngati mwana wa wolemera amene akusewera ulimi. Anali kulima tomato, kabichi ndi maluwa a tulip, n'kumakankha pa ngolo ya matayala kukagulitsa ku tauni, ngolo imene mlimi wamba sakanakwanitsa kugula. Zotsala anali kungogawa. Kabichi wake anabedwa m'munda. Anansi anali kudziwa kuti iye akalephera ali ndi kobwerera, pamene iwo alibe, ndipo pa zimenezi sanali kunama. Panalinso vuto limene pepala silikanathetsa. Malangizo anali aulere koma fataleza sanali waulere, ndipo mlimi amene wapereka kale theka la mpunga wake kwa mwini munda anali kufunika kukongola kuti amugule. Kumayambiriro kwa 1927, nyuzipepala ya m'cigawomo italemba za gululo, apolisi anamupanikiza ndi mafunso pokayikira kuti akuphunzitsa sosholizimu, ndipo misonkhano inacepa. Nkhani ya minda inadzathetsedwa ndi lamulo pakati pa 1946 ndi 1950, pamene boma linagula minda kwa eni malo n'kuigulitsa kwa olimawo. Kenji anali atamwalira kale.

Thupi ndilo linayamba kugonja. Mu 1928 kunali cilala, ndipo atathamanga m'midzi akudya mosakwanira, mu August anagwa ndi matenda a m'mapapo. Anabwerera kunyumba ya atate ake, yomwe ija anaicoka kawiri, nagona pafupifupi zaka 2. Moyo wake wa ulimi unali utatenga zaka 2 ndi miyezi 4 basi.

Atapezako bwino, mu February 1931 analowa nchito pa fakitale yaing'ono yopera miyala ya laimu, Tohoku Saiseki, ya a Suzuki Tozo. Alimi a kumpoto kwa dziko lathu, kumene mvula yambiri imasiya nthaka ya asidi, akudziwa cimene laimu amacita: amacepetsa asidi kuti fataleza amene wathira agwire nchito. Kenji, munthu amene anakana sitolo ya atate ake, tsopano anasanduka wotsatsa malonda, kukwera masitima ndi kugogoda m'maofesi. Mu September anafika ku Tokyo ndi sutukesi yolemera ya zitsanzo, thupi linatentha m'nyumba ya alendo, ndipo analemba makalata otsazika abale ake. Atate ake anamuitanitsa kunyumba. Ali cigonere, pa 3 November 1931, analemba m'kabuku ka m'thumba ndakatulo imene ena amaicha m'Cizungu Strong in the Rain, pemphero la munthu wodwala wolakalaka thupi lolimba kuti athandize anzake popanda kutamandidwa. Sanaisindikize. Kabukuko kanapezeka m'thumba la sutukesi iye atamwalira, ndipo lero ndi imodzi mwa ndakatulo zodziwika koposa m'dzikolo. Tsunami itakanthanso Iwate mu 2011, anthu anali kuiwerenga pa misonkhano yolira.

Mu 1932 magazini ina inasindikiza nthano yake ya Gusuko Budori, mnyamata amene makolo ake anasowa m'njala ya caka cozizira. Atakula, Budori akupereka moyo wake pophulitsa phiri la moto kuti mpweya wa carbon dioxide utenthetse dziko, mpunga uce. Wowerenga wa lero amadabwa, pakuti mpweya womwewo ndiwo ukutisokonezera nyengo. Koma zikuonetsa kuti mphunzitsi wa kumudziyu anali kudziwa kale mmene mpweyawo umagwirira nchito, ndiponso mmene anthu akwawo anali kuopera kuzizira.

Caka ca 1933 cinayamba ndi tsunami ina mu March, koma mpunga unaca bwino. Pa cikondwerero ca m'tauni pakati pa September, Kenji anatuluka kukakhala pakhomo kuonerera. Pa 20 September matenda anakula, cibayo citamugwira. Madzulo ake mlimi wina, wosadziwa kuti zafika pati, anabwera kudzafunsa za fataleza. Kenji anadzuka, navala, nakhala naye pansi mwaulemu pafupifupi ola lathunthu, apabanja akungomva m'cipinda cina osatha kumuletsa. Mawa lake, pa 21 September, anamwalira masana. Anapempha atate ake kuti asindikize makope 1,000 a Lotus Sutra n'kugawira anthu. Atatewo, amene anakangana naye zaka zambiri pa buku lomweli, anatero mu 1934, ndipo mu 1951 iwonso analowa mpingo wa Nichiren.

Kuti tili ndi nthano zake lero tithokoze mng'ono wake Seiroku, amene anasunga mapepala onse. Alakatuli awiri, Kusano Shinpei ndi Takamura Kotaro, anathandiza kuti asindikizidwe kuyambira mu 1934. Ndege za nkhondo zitaponya mabomba pa Hanamaki mu August 1945 nyumba ya a Miyazawa inapsa, koma mapepalawo anapulumuka. Seiroku anakhala moyo mpaka 2001.

Wofuna kuwerenga m'Cizungu afunefune buku la Once and Forever, nthano zomasuliridwa ndi John Bester. Ndi zazifupi, zoti munthu n'kutsiriza imodzi asanagone, ndipo maina acilendo ndi ocepa cifukwa ambiri olankhulamo ndi nyama, mitengo ndi mphepo, monga m'nthano za agogo athu. Kusiyana kwake n'kwakuti za Kenji nthawi zambiri sizitha ndi wocenjera atapambana. Muli ya lesitilanti ija. Muli The Bears of Nametoko, ya mlenje Kojuro amene amapha zimbalangondo osati mwa cidani koma cifukwa alibe munda wokwanira. M'phiri ndi ngwazi, koma akafika ku tauni kukagulitsa cikopa ndi ndulu amagwada pamaso pa mwini sitolo amene amamupatsa mtengo wonyozeka. Amene wadziwa za sitolo ya a Masajiro amaiwerenga nthanoyi ndi maso ena. Muli Kenju's Wood, ya mnyamata woyesedwa citsiru amene anabzala mitengo 700 ya mkungudza pa nthaka yokanika anthu akumuseka, ndipo ngakhale atamwalira malowo anakhalabe posewerera ana. Mulinso The Nighthawk Star, ya mbalame yonga lumbe, yonyozedwa ndi zinzake, imene ikuzindikira kuti nayonso imapha tizilombo usiku uliwonse kuti ikhale moyo.

Buku lake lochuka koposa, Night on the Galactic Railroad, ndi bwino kulisungira pambuyo. Anamwalira asanalitsirize, ndipo limasokoneza munthu wosazolowera kalembedwe kake. Ndi ulendo wa mnyamata wosauka Giovanni ndi mnzake Campanella pa sitima yoyenda m'Mlalang'amba, ndipo wowerenga amadzazindikira mocedwa kuti okwera ambiri m'sitimayo ndi akufa. Limamveka bwino kwa amene akudziwa za Toshi. Ndakatulo zake anamasulira Roger Pulvers m'buku la Strong in the Rain, ndi Hiroaki Sato m'buku la Miyazawa Kenji: Selections, onse mu 2007. Zimenezi ndi zolimbirako, cifukwa amasakaniza mau a mapemphero ndi maina a miyala ndi a mitambo, ndipo omasulira awiri akhoza kutulutsa ndakatulo imodzi mosiyana ndithu.

Nyumba ija ya ku Shimoneko inagulitsidwa n'kusamutsidwa. Tsopano ili m'bwalo la sukulu ya sekondale ya zaulimi ya Hanamaki, ndipo pakhomo pake pali bolodi yonena kuti mwini nyumba ali kumunda wakumunsi.